Lalanje, Batire ndi Chitini Chobooka: Kuphunzira Fizikisi ya Calculus

Chaka chilichonse, pa phunziro loyamba la fizikisi, ndimalowa m'kalasi nditanyamula lalanje. Ndimaliponya m'mwamba ndi kuliwakha, kenaka ndimafunsa funso ili: pa kamphindi kamene lalanjelo lafika pamwamba penipeni, lisanayambe kubwerera, kodi liwiro lake ndi lotani, ndipo liwirolo likusintha motani? Gawo loyamba la funsoli silivuta, onse amati liwiro ndi ziro. Koma pa gawo lachiwiri ambiri amakweza manja kunena kuti kusintha kwa liwiro pa sekondi iliyonse, kumene mabuku amakutcha acceleration, nakonso ndi ziro. Tsono ndimawafunsanso kuti, ngati chinthu chaima, ndipo liwiro lake silikusintha, nanga chibwerera bwanji pansi? Kodi lalanjelo silikadangokhala m'malere momwemo? Pamenepo m'kalasi mumangoti zii.

Sindiwaseka ophunzirawa, pakuti inenso ndidadzera njira yomweyo. M'chaka changa choyamba ku koleji ndidali ndi makope awiri amene sadali kudziwana. Kope la masamu lidadzaza ndi x ndi y, ndipo m'menemo ndidaloweza kuti x³ imabala 3x², monga momwe mwana wa Sitandade 3 amalowezera matebulo. Kope la fizikisi lidadzaza ndi s, u, v, a ndi t, pamodzi ndi mafomyula anayi amene tidali kuwaimba ngati nyimbo usiku woti mawa lake kuli mayeso. Mayesowo ndidakhoza. Koma nditapita kukayeserera kuphunzitsa pa sekondale ina, mtsikana wina wa Fomu 3 adaimirira nati, "Aphunzitsi, ngati mwala waima pamwamba paja, 9.8 ija imakhala ikuchita chiyani?" Ine ndidatembenukira ku bolodi ndi kulembanso fomyula yomwe ija ndi zilembo zikuluzikulu. Mwanayo adakhala pansi mwaulemu, koma tonse awiri tidadziwa kuti sindidamuyankhe.

Nkhani ino ndalembera inu amene mwangoyamba kumene fizikisi yogwiritsa ntchito calculus, ndipo posachedwapa mudzaima patsogolo pa ana a eni ake. Calculus si katundu wapadera amene a masamu adasenzetsa a fizikisi. Iyo idabadwa pofuna kuyankha mafunso onga la mtsikana uja, ndiko kuti, chinthu chikusintha motani pa kamphindi kamodzi. Amene wamvetsa funso limeneli savutika kwambiri ndi zizindikiro, koma amene wayamba ndi zizindikiro angathe kumaliza maphunziro ake onse asadakumane nalo funsolo.

Liwiro la ulendo wonse ndi liwiro la tsopano lino

Tiyeni tiyambe ndi chinthu chimene tonse tikuchidziwa. Msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi wa makilomita oposa pang'ono 300. Basi ikayenda ulendowu maola 5, timagawa mtunda ndi nthawi, ndipo timapeza makilomita ngati 60 pa ola. Komatu aliyense amene adakwerapo basi akudziwa kuti siidayende pa 60 njira yonse. Idaima ku Dedza ndi ku Ntcheu, idakwawa pa zitunda, idathamanga pa zitsetse. Nambala ya 60 ikunena za ulendo wonse, osati za kamphindi kalikonse ka ulendowo. Pamene mudasuzumira kutsogolo kwa dalaivala ndi kuona muvi ukuloza 80, muviwo udali kunena za chinthu china: liwiro la nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene pagona vuto, ndipo ndikupemphani kuti musalidumphe. Liwiro ndi mtunda wogawidwa ndi nthawi. Koma pa kamphindi kamodzi, nthawi imene yapita ndi ziro, mtunda umene basi yayenda ndi ziro. Kugawa ziro ndi ziro kulibe tanthauzo m'masamu. Nanga 80 ija yachokera kuti? Wophunzira amene funsoli lamusowetsa mtendere wayamba kale kuphunzira calculus, ngakhale asadalembe chizindikiro n'chimodzi chomwe.

Thabwa la Galileo

Galileo Galilei wa ku Italy, amene adabadwa mu 1564 ndi kumwalira mu 1642, adalibe calculus, ndiponso adalibe wotchi yotha kuyeza tizigawo ta sekondi. Popeza mwala umagwa mofulumira kwambiri moti maso sangautsate, iye adachedwetsa kugwako pogubuduza kampira kamkuwa m'kangalande kosalala ka pa thabwa lopendekeka. Nthawi adali kuiyeza pokhetsa madzi kudzera pa kampopi kakang'ono ndi kuyeza kulemera kwa madzi okhetsedwawo. Zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1638 ku Leiden, m'buku lake lonena za sayansi ziwiri zatsopano.

Inu mungathe kubwereza zimenezi pa sukulu iliyonse, ngakhale yopanda chipinda cha sayansi. Pezani thabwa losalala la mamita 2 ndi batire lakutha la tochi. Batire ndi labwino chifukwa limagubuduka molunjika. Kwezani mbali imodzi ya thabwalo ndi masentimita ngati 6 kapena 7. Mwana mmodzi aziwomba m'manja kapena kuimba ng'oma mofanana, ndipo ana athu luso limeneli ali nalo kale. Pa kuwomba koyamba musiye batire, ndipo ana ena ayike chizindikiro cha choko pamene batirelo lafika pa kuwomba kulikonse. Poyamba zizindikiro zidzakhala zosokonekera. Bwerezani kasanu kapena kupitirira. Ngati chizindikiro choyamba chili pa masentimita 10, chachiwiri chidzakhala pafupi ndi 40, chachitatu pafupi ndi 90, chachinayi pafupi ndi 160. Awa ndi 1, 4, 9 ndi 16, ndiye kuti nthawi yochulukitsidwa ndi iyo yokha. Mipata ya pakati pa zizindikirozo ndi 10, 30, 50 ndi 70, ndiye kuti 1, 3, 5 ndi 7. Mpata uliwonse ukuposa unzake ndi muyeso wofanana. Manambala amenewa muwasunge, tikumana nawonso kumapeto.

Kuyandikira kamphindi

Mwala wogwa wokha, tikapanda kuwerengera mpweya, umatsata lamulo lomwelo: mtunda s m'mamita ndi 4.9t², pamene t ndi masekondi. Tiyerekeze kuti mwala wagwa kuchokera pa phompho lalitali, ndipo tikufuna liwiro lake pa sekondi yachitatu yeniyeni. Pa t = 3 mwalawo wagwa mamita 44.1. Pa t = 4 wagwa mamita 78.4. Pa sekondi imodzi imeneyi wayenda mamita 34.3, koma nambalayi ili ngati 60 ya basi ija, ikunena za mpata wonse. Tichepetse mpatawo. Pa t = 3.1 mwala uli pa mamita 47.089, wayenda mamita 2.989 pa masekondi 0.1, ndipo tikagawa tipeza 29.89. Tikatenga mpata wa masekondi 0.01 tipeza 29.449. Tikatenga wa 0.001 tipeza 29.4049.

Ndikulimbikitsani kuti muwerengetse nokha manambalawa ndi pensulo, ngakhale ntchitoyo ndi yotopetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaona kuti mtunda ukunka nuchepa, nthawi ikunka nichepa, koma yankho la kugawako silikutha ayi, likukhazikika pa 29.4. Sitidagawe ndi ziro paliponse. Tangoyang'ana kumene mayankho akulowera pamene mpata ukuchepa, ndipo nambala imene akulowerayo ndiyo mabuku amaitcha limit. Motero liwiro la mwala pa sekondi yachitatu ndi mamita 29.4 pa sekondi, amene ndi makilomita pafupifupi 106 pa ola.

Tsopano zilembo zingathe kulowa, pakuti zili ndi ntchito yoti zigwire. Titche mpata wa nthawi uja k. Mtunda pa 3 + k ndi 4.9(3 + k)², ndiye kuti 44.1 + 29.4k + 4.9k². Tichotse 44.1, tigawe ndi k, ndipo titsala ndi 29.4 + 4.9k. Ikani 1 m'malo mwa k, mupeza 34.3, ikani 0.1, mupeza 29.89. Manambala onse aja ali m'kachiganizo kamodzi aka, ndipo n'zoonekeratu kuti k akamachepa, 4.9k amazimirira. Mukachita zomwezi ndi t wina aliyense m'malo mwa 3, mupeza kuti liwiro ndi 9.8t. Ichi ndicho chimene chimatchedwa derivative, ndipo chimalembedwa ds/dt. Lamulo lija ndidaloweza m'kope la masamu, lotsitsa nambala ya pamwamba, ndi njira yachidule chabe ya ntchito imene tangoichitayi. Chilembo d chikuimira mawu a Chilatini otanthauza kusiyana: kusiyana kwa mtunda kugawidwa ndi kusiyana kwa nthawi.

Mwina wina mwa inu akudandaula mumtima kuti pali chinyengo, chifukwa poyamba tidagawa ndi k ngati kuti si ziro, kenaka tamutaya ngati kuti ndi ziro. Wodandaula motereyu asachite manyazi. Isaac Newton adapeza njirazi mu 1665 ndi 1666, pamene yunivesite ya Cambridge idatsekedwa chifukwa cha mliri, ndipo Gottfried Leibniz wa ku Germany, amene adazipeza payekha, adasindikiza zake mu 1684. Koma mu 1734 bishopu wina wa ku Ireland, George Berkeley, adalemba dandaulo lomweli, ndipo akatswiri a nthawiyo sadathe kumuyankha mokhutiritsa. Yankho lolongosoka lidayamba kuoneka mu 1821 m'zolemba za Augustin-Louis Cauchy wa ku France: k sakhala ziro konse, timangosonyeza kuti yankho lingayandikire 29.4 kufikira pamene aliyense angafune, malinga k achepe mokwanira. Chinthu chimene chidatengera akatswiri zaka zoposa 130 sitingayembekezere kuti wophunzira achimeze m'phunziro limodzi la mphindi 40.

Kubwerera kwa lalanje

Tikafunsa funso lomwe lija za liwiro lenilenilo, kuti likusintha motani pa sekondi iliyonse, tipeza dv/dt. Popeza v ndi 9.8t, yankho ndi 9.8, ndipo mulibe t m'yankholi. Izi zikutanthauza kuti pa sekondi iliyonse dziko limawonjezera mamita 9.8 pa sekondi ku liwiro loloza pansi, popanda kusamala kuti chinthucho chikukwera, chaima kapena chikutsika.

Tiyerekeze kuti lalanje lachoka m'dzanja langa pa mamita 4.9 pa sekondi. Liwiro lake loloza kumwamba ndi 4.9 − 9.8t. Lidzafika pamwamba pakatha theka la sekondi, litakwera mamita ngati 1.2. Kutatsala masekondi 0.1 kuti lifike, likukwera pa mamita 0.98 pa sekondi. Patapita masekondi 0.1 chifikireni, likutsika pa mamita 0.98 pa sekondi. Liwiro langodutsa pa ziro, silidapumulepo. Ganizirani munthu amene ali ndi K500 ndipo amagwiritsa ntchito K100 tsiku lililonse. Pakutha pa tsiku lachisanu m'thumba mwake muli ziro, koma kudya sikudaleke, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ali ndi ngongole ya K100. Kukhala ndi ziro ndi nkhani ina, kuleka kusintha ndi nkhani inanso. Ili ndilo yankho limene ndidayenera kumupatsa mtsikana uja, ndipo silifuna chizindikiro chilichonse cha calculus, ngakhale kuti ine ndidalipeza kudzera mu calculus.

Ulendo wobwerera m'mbuyo, wochoka pa liwiro kupita ku mtunda, ndi wosavuta kuuona pa galafu. Jambulani liwiro la mwala uja m'kope la timabokosi, nthawi chopingasa, liwiro choimirira. Mupeza mzere wowongoka wochoka pa ziro kufika pa 29.4 pa sekondi yachitatu. Pa kanthawi kakang'ono kalikonse, mtunda ndi liwiro lochulukitsidwa ndi kanthawiko, ndipo pa galafu kameneka ndi kachigawo kowonda ka pansi pa mzere. Tizigawo tonse tikaphatikizidwa tipanga chithunzi cha ngodya zitatu, chimene kukula kwake ndi theka la 3 kuchulukitsa ndi 29.4, ndiye kuti 44.1. Ndi mamita omwe aja tidayamba nawo. Kuphatikiza kumeneku ndiko integration, ndipo chizindikiro chake chachitali chija ndi S wotambasulidwa, chilembo choyamba cha mawu a Chilatini otanthauza kuphatikiza. Mafomyula anayi amene tidali kuimba aja onse amatuluka m'galafu imodzi imeneyi.

Apa pali chenjezo limene mabuku ambiri amalilemba ndi zilembo zing'onozing'ono. Mafomyulawo ndi oona pokhapokha acceleration isakusintha. Khoko la chimanga likamagwa, mpweya umalikankha mwamphamvu pamene liwiro lake likukula, kufikira liwirolo litaleka kuwonjezeka, ndipo pamenepo v = u + at idzakusokeretsani. Pa mwezi, pamene palibe mpweya, David Scott wa chombo cha Apollo 15 adagwetsa hamala ndi nthenga nthawi imodzi mu 1971, ndipo zidafika pansi limodzi. Kuno kwathu mpweya ulipo, ndipo zinthu zambiri zimene mudzaphunzire, monga sipuling'i, chingwe cholendewera mwala, ndi madzi otentha akamazizira, zimasintha pa mlingo umene nawonso ukusintha. Pa zoterezi fomyula ya pamtima ilibe thandizo; chotsala ndi kufunsa kuti chikusintha n'chiyani, ndipo chikudalira chiyani.

Zimene ofufuza adapeza

Vuto la makope awiri si lathu lokha. Mu 1992 David Hestenes ndi anzake ku America adasindikiza mayeso otchedwa Force Concept Inventory, a mafunso onga la lalanje lija, osafuna kuwerengetsa. Eric Mazur wa ku Harvard atayesa ophunzira ake ndi mafunso a mtundu umenewu, adadabwa kuona kuti ambiri amene adali kukhoza masamu ovuta adali kulephera mafunso ooneka apafupiwa. Mu 1998 Richard Hake adasonkhanitsa zotsatira za makalasi 62, a ophunzira oposa 6,000. M'makalasi amene mphunzitsi adali kungolankhula, ophunzira adawongola pafupifupi 23 mwa 100 ya zimene sadali kudziwa poyamba. M'makalasi amene ophunzira adali kulosera, kutsutsana ndi kuyesa zinthu, adawongola pafupifupi 48 mwa 100.

Njira imene Mazur adatsata pambuyo pake ikundikondweretsa chifukwa siifuna ndalama, ndipo imatheka ngakhale m'kalasi la ana 80. Mphunzitsi amafunsa funso limodzi, aliyense amasankha yankho payekha, kenaka amatembenukira kwa mnzake amene wasankha losiyana ndi kuyesa kumugonjetsa ndi mfundo, ndipo pomaliza onse amasankhanso. Ine ndimauza ana kuti atseke maso pokweza manja koyamba, chifukwa akapanda kutero onse amayang'ana dzanja la mwana amene amakhala nambala wani. Koma ndinene mosabisa kuti njirayi imadya nthawi, ndipo silabasi siyembekeza munthu. Sindingaigwiritse ntchito pa mutu uliwonse. Ndimaisungira malo amene ndikudziwa kuti maganizo olakwika adazika mizu, ndipo kayendedwe ka zinthu ndi amodzi mwa malo amenewo.

Kwa inu nokha pophunzira, chizolowezi chimodzi chimene ndachiona chikuthandiza ndi ichi: musanalembe chizindikiro chilichonse, nenani m'Chichewa chimene chizindikirocho chikunena. Mukaona dv/dt, nenani kuti "mmene liwiro likusinthira pa sekondi iliyonse, pa kamphindi kano." Mukalephera kunena, ndiye kuti simudamvetse, ngakhale yankho la kumapeto kwa buku ligwirizane ndi lanu. Mayeso mudzalemba m'Chingerezi ndithu, koma Chingerezi cha m'buku n'chosavuta kuchibwereza osachimva, pamene chinenero chanu sichikulolani kubisala.

Chitini chobooka

Nayi ntchito yoti muyese sabata ino. Tengani chitini cha penti cha mbali zowongoka, muboole ndi msomali m'mbali pafupi ndi pansi, muimike rula m'kati, ndipo muthire madzi kufika masentimita 16 pamwamba pa bowo. Musanatsegule bowolo, aliyense alembe kulosera kwake: theka la nthawi yonse yokhuthukira likadzatha, kodi madzi adzakhala pati? Ambiri adzalemba 8.

Evangelista Torricelli, amene adathandiza Galileo m'miyezi yomaliza ya moyo wake, adasindikiza mu 1644 kuti madzi amatuluka pa bowo ndi liwiro lofanana ndi la chinthu chogwa kuchokera pamwamba pa madziwo kufika pa bowolo. Madzi akakhala ambiri amatuluka mwamphamvu, akamachepa amatuluka mofooka. Tikatcha msinkhu wa madzi h, chiganizo chimenechi chimalembedwa dh/dt = −c√h, pamene c ndi nambala yodalira kukula kwa bowo ndi kwa chitini, ndipo chizindikiro chochotsera chikusonyeza kuti madzi akutsika. Onani kuti h ali mbali zonse ziwiri: kutsika kwa madzi kukudalira madzi amene atsala. Mukachita integration mupeza kuti chimene chikutsika mofanana si h, koma √h. Tikagawa nthawi yonse m'zigawo zinayi zofanana, √h idzakhala 4, 3, 2, 1 ndi 0, ndiye kuti h idzakhala 16, 9, 4, 1 ndi 0. Pa theka la nthawi madzi adzakhala pa masentimita 4, osati 8. Ndipo kutsika kwa m'chigawo chilichonse ndi 7, 5, 3 ndi 1, manambala a pa thabwa lija atatembenuzidwa.

Poyesa mudzaona kuti sentimita yomaliza siimvera lamuloli, pakuti madzi akatsala pang'ono amayamba kutsetsereka m'mbali mwa chitini ndi kudontha, makamaka bowo likakhala laling'ono kwambiri. Chotero musadikire dontho lomaliza. Yezani nthawi yochoka pa 16 kufika pa 9, pa 9 kufika pa 4, ndi pa 4 kufika pa 1, ndipo muone ngati nthawi zitatuzo zikufanana.